Chikhomo cha mphini ziwiri

Boma la atsamunda lidandilanda malo anga ku sukulu ya zaulimi. Anthu akwathu adandilanda dzina. Zonsezi zidayamba tsiku limodzi la msika pa Nathenje, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo palibe chimene chidabwerera. Ndikulemba izi kuti inu ana anga muleke kufunsa amayi anu chifukwa chimene sindipitira ku misonkhano, ngakhale ya chitukuko. Za ubwana wanga ndilumpha. Ndidasiya sukulu mu Sitandade 5 bambo anga atafera ku migodi ya ku Joni. Fizi idasowa, nkhani idathera pomwepo.

1954, Mitundu

Ntchito yanga yoyamba idali yokhoma zikhomo m'minda ya anthu. Nthawi imeneyo boma lidalamula kuti munda uliwonse wotsetsereka ukhale ndi milambala, mizere ikuluikulu yopingasa yotchinga madzi a mvula. Tinkayenda atatuatatu. Awiri ankagwira ndodo zolumikizidwa ndi chingwe, pakati pa chingwecho pali kalevulo kagalasi, ine n'kumayang'ana kathovu kamene kali m'katimo. Kathovu kakaima pakati, ndinkakhoma chikhomo pamene paima ndodo, n'kusunthira patsogolo. Mwini munda ankayenera kuunda mlambala motsata zikhomozo. Wokana ankalipitsidwa chindapusa ku bwalo la milandu, ndipo wobzala mosatsata tinkamuzulira mbewu. Mkulu wathu adali a Zakeyu Mphadzula, mlangizi amene adabwerako ku nkhondo ndi mawu a usilikali komanso kabudula wakaki wosita mpaka kuuma. Tsiku loyamba adandipatsa mpeni nati, "Zikhomo uzisema wekha. Kumutu kwake uzitema mphini ziwiri. Uyu amatema imodzi, uyo zitatu. Mlambala ukapindika sindifunsa munthu, ndimangozula chikhomo n'kuwerenga mphini." Ndidawafunsa kuti nsapato atipatsa liti, poti tidamva kuti ntchito ya boma ili ndi nsapato. Adayang'ana mapazi anga nati, "Zili m'njira." Zidakhala m'njira zaka zinayi. Levulo idali imodzi magulu awiri, moti gulu lina linkakhala pamthunzi kudikira linzake. Chingwe chikaduka tinkachilumikiza ndi luzi, a Zakeyu n'kumatitukwana kuti mfundo zikusokoneza muyeso.

Ndinene poyera kuti ntchitoyo ndinkaikhulupirira. Munda wa amayi anga udali ndi chigwembe chimene chinkadya mizere iwiri chaka chilichonse. Ndidaukhoma ndekha, amayi akundinena kuti ndabweretsa za Azungu m'munda mwa makolo, koma zitadutsa mvula ziwiri chigwembecho chidayamba kudzaza dothi. Chimene sindinkachimvetsa ndi kuzula. Mu Januwale wina tidazula chimanga chofika m'mawondo cha mayi wina amene mizere yake idatsetsereka pang'ono chabe. Mayiyo sadalire. Adangondiyang'ana nati, "Iwe si mwana wa Nabanda? Amako akudziwa kumene uli?" Ndidapitiriza kuzula, chifukwa a Zakeyu adali kumbuyo kwanga.

1956 mpaka 1958, Nathenje

Atawasamutsira a Zakeyu ku Nathenje adanditenga, osati chifukwa chondikonda, koma chifukwa milambala yanga sinkapindika. Kumeneko ndiko ndidakumana ndi Mzungu woyang'anira zaulimi m'dera lonselo. Anthu adamutcha Msangamsanga, poti ndi mawu okhawo a chilankhulo chathu amene ankawatchula bwino. Tsiku lina adandipeza ndikukangana ndi a Zakeyu pa kukula kwa munda wina. Adawerengetsa yekha papepala n'kupeza kuti wolondola ndidali ine. Adandifunsa kuti sukulu ndidalekezera pati, ndipo nditamuuza adati ndikagwira bwino zaka zina ziwiri adzandilembera kalata yopitira ku sukulu ya zaulimi, kumene ankaphunzitsa alangizi. Kumeneko sankatenga munthu wa Sitandade 5 pokhapokha pakhale kalata ya bwana. Muyenera kumvetsa kuti kwa ine khomo lina lobwererera m'kalasi kudalibe. Anzanga amene ndinkawaposa masamu adali atavala kale mataye m'maofesi ku Lilongwe. Pakati pa 1958 yankho lidabwera: ndikayambe mu Januwale. A Zakeyu sadandiyankhule sabata yathunthu.

Zovala zanga ankazisoka a Daniyele Kamtedza, telala wa pakhonde pa sitolo ya Msilamu wina m'mbali mwa msewu. Kale adali mphunzitsi, adawachotsa chifukwa cha ndale, koma aliyense ankawatchulabe kuti aphunzitsi. Ndiwo ankatsogolera nthambi ya chipani chofuna ufulu m'dera lathu. Ndinkakonda kukhala pakhondepo chifukwa ankandibwereka nyuzipepala, komanso ndi munthu yekhayo wamkulu amene ankalola kuti ndimutsutse.

"Mphwanga, kabudulayu wathera m'maondo," adatero tsiku lina. "Ukugwadira Mzungu kapena chingwe?"

"Chingwe, aphunzitsi."

"Nanga chingwecho mwini wake ndani?"

Ndidawauza kuti madzi sadziwa Mzungu, amangotsika. Ndidati ngati akufuna kunena zoona awauze anthu kuti choipa ndi chindapusa ndi kuzula mbewu, osati mlambala. Adaimitsa makina n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Kumunda kwanga milambala ilipo, Laitoni, ndipo ndi yabwino. Koma udamvapo khamu la anthu likufuula chiganizo chachitali ngati chakocho? Chitaganya cha maiko atatu chimene atimangirira nachochi munthu wa kuno sadachionepo. Chili ku Halale, m'mapepala. Chimene amachiona m'munda mwake m'mawa uliwonse ndi iweyo."

Ndidakwiya, koma ndidabweranso mawa lake. Mu Novembala adandipempha kuti ndiwabweretsere chikhomo chimodzi. Kuzula chikhomo m'munda udali mlandu, n'chifukwa chake sadafune kutuma munthu kukazula. Sindidawafunse kuti n'chachiyani. Ndidalowa m'kanyumba kosungiramo zida, ndidasolola chimodzi pamtolo umene ndidasema dzulo lake, n'kukawapatsa. Anthu amandifunsa kuti ndinkaganiza chiyani. Sindinkaganiza kanthu. Ndinkaganiza za Januwale.

Novembala 1958, tsiku la msika

A Kamtedza adaimirira pa ngolo ya ng'ombe, dzuwa lili paliwombo, anthu atadzaza kuchokera pamene amagulitsira mbuzi mpaka kumsewu. Ine ndidali chakumbuyo, nditavala malaya akunyumba. A Zakeyu ndidawaona ataima pansi pa mtengo akudziyerekeza ngati akugula fodya. Ndamvapo atsogoleri ambiri m'moyo wanga, ena otchuka kwambiri, koma sindidamvepo munthu woyankhula ngati telala uja tsiku limenelo. Adayamba motsitsa mawu, moti anthu ankatontholetsana okha kuti amve. Sadayambe ndi ufulu ayi. Adayamba ndi kufunsa amene adapitako ku Halale kuti akweze manja. Manja adakwera ambiri.

"Inu achimwene a chipewa choyera, kumeneko nyama munkagula poti?"

"Pawindo," bamboyo adayankha.

"Pakhomo padali potseka?"

"Padali potsegula, koma si pathu."

"Ndiye chitaganya chimenecho," a Kamtedza adatero. "Musavutike kuchifuna m'mapepala. Ndi windo limenelo likubwera kuno. Adatifunsa ngati tikuchifuna, tidakana. Mafumu adakana, aphunzitsi adakana, amayi adakana. Iwo adati zikomo, tamva, n'kutimangirira. Tsono ndikufunseni. Munthu amene amakufunsa kenako n'kuchita zimene adaganiza kale, amakuyesa munthu kapena mwana?"

Kenako adalowa pa msonkho. Adati timalipira koma sitiuzidwa kumene ndalama zimapita, ndipo amene amapanga malamulo sitidawasankhe, sitingawachotse, ngakhale dzina lathu salidziwa. Adati ufulu si mphatso imene mlendo amapatsa mwini nyumba potsanzika, chifukwa munthu sangakupatse chimene chili chako kale. Adati kudzilamulira sikutanthauza kuti sitidzalakwitsa, koma kuti tikalakwitsa tidzadzudzulana tokha, m'chilankhulo chathu, ndi anthu oti mawa tikumana nawo pamaliro. Mawu amenewo mpaka lero sindiwatsutsa. Ndidayankha nawo limodzi ndi khamu lonse.

Apo m'pamene adapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa chikhomo chija. Adachikweza m'mwamba.

"Ichi n'chiyani?"

"Chikhomo!"

"M'munda mwanu mudachiitana?"

"Ayi!"

"Agogo anu ankalima popanda ichi. Adafa ndi njala? Lero kamtengo aka kakuuzani polima, kakuuzani pobzala, kakutengerani ku bwalo la milandu. Kamtengo kali ndi mawu m'munda mwanu kuposa inu eni ake. Iwo akhala m'maofesi, koma manja awo ndi awa, ali m'minda mwanu. Ine sindikuuzani chochita. Ndine telala, za minda sindizidziwa. Inu eni minda, mutani?"

Adathyola chikhomocho pabondo n'kuchitaya pansi. Amene adafuula kuti "Tigumula!" adali anthu, osati a Kamtedza. Ndidaliona luso lawo lonse nthawi yomweyo. Ankafunsa zimene aliyense akudziwa yankho lake, kuti munthu aziona ngati maganizowo ndi ake. Poyamba akati "iwo" ankanena Azungu a ku Halale, koma pofika kumapeto "iwo" tidali ife a zingwe, ndipo palibe amene adaona pamene mawuwo adakhotera. Mawu oti angawamangitse sadawatchule, adawasiyira khamu. Theka la chikhomocho lidagwera pafupi ndi amayi ogulitsa mchere. Mmodzi adalitola, adayang'ana kumutu kwake nati, "Mphini ziwiri. Ichi n'cha Laitoni." Minda ya kumeneko yambiri ndidakhoma ndine, ndipo mphini zanga ankazidziwa ngati nkhope yanga. Anthu adatembenuka. Sadandimenye. Adangopatuka, ine n'kutsala ndekha pakati ngati chitsa.

Lolemba lotsatira

Msangamsanga adandiitanitsa ku ofesi. Patebulo pake padali zidutswa ziwiri zija, ndipo a Zakeyu adaima pambali manja ali kumbuyo. Iwo ndiwo ankamasulira. A Zakeyuwo adanyamula chidutswa chosongoka nandionetsa. "Taona, dothi palibe. Taona kumutu, nyundo sidagundepo. Chikhomo ichi sichidalowepo m'munda wa munthu. Chidachokera m'kanyumba ka zida, ndipo mphini ndi zako." Ndikadazula chakale m'munda uliwonse, palibe akadadziwa. Ndidavomera kuti ndidapereka ndine. Mzunguyo sadakalipe. Adati akudziwa kuti ndine mnyamata, ndidapusitsidwa, ndipo iye safuna kutaya munthu wodziwa masamu. Adasuntha pepala lotayipa kale. Padalembedwa kuti ine ndidali pamsonkhanopo ndipo ndidamva Daniyele Kamtedza akulamula anthu kuti agumule milambala. Ndikasaina, za chikhomo ziiwalika, Januwale ndipita kusukulu. Ndikakana, ndituluke.

"Sadanene zimenezo," ndidatero.

"Koma ndi zimene ankatanthauza," a Zakeyu adayankha, osadikira n'komwe kuti amasulire.

"Ndiye lembani kuti ankatanthauza. Apa mwalemba kuti adanena."

"Iwe, ukudziyesa loya? Saina. Telala ameneyu wakuvula pamaso pa anthu, lero ukumutchinjiriza chiyani?"

A Zakeyu ankanena zoona. Mumtima mwanga a Kamtedza ndinkadana nawo tsiku limenelo kuposa munthu wina aliyense. Adatenga chikhomo changa akudziwa bwino kuti chili ndi mphini, pakuti ndidawafotokozerapo ndekha pakhonde paja. Ndidagwira cholembera. Ndidaganiza za amayi anga, amene adali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo akubwerera kusukulu. Musandiyese ngwazi. Sindidakane chifukwa chokonda dziko kapena chipani. Ndidakana chifukwa zaka zinayi ndidaphunzitsidwa kuti kathovu kakapanda kuima pakati sukhoma, ngakhale mwini munda akulire, ngakhale bwana akufulumizitse. Pepalalo lidali lopendekera. Ndidabweza cholembera patebulo. Msangamsanga adatsegula kabati, adatulutsa kalata yanga ya kusukulu n'kulembapo mzere wopingasa. Sadaing'ambe. Adaibwezera m'kabati n'kutseka.

Disembala 1958 mpaka 1959

Ndidabwerera kwa amayi ku Mitundu. Mawu a pa Nathenje adali atafika kale kumeneko. Anthu adagumula milambala masana poyera, akuimba, minda yoyandikana motsatizana. Wa amayi adagumula achibale athu omwe, amalume anga akutsogolera, kuti mudzi usaoneke ngati ukusunga za boma. Ndidawapempha kuti asiyeko umodzi wokha wapamwamba. Amalume adati, "Mphwanga, ntchito adakuchotsa, koma mtima udakali konko." Mvula ya Januwale idatsegulanso chigwembe chija, chidatenga chimanga pamodzi ndi dothi lake, ndipo chaka chimenecho tidadya gaga wopempha. Amayi sadandinene, komanso sadanenepo kuti ndinkanena zoona.

Mu Malichi boma lidayamba kugwira anthu a chipani m'dziko lonse. A Kamtedza adawatenga ndi galimoto ya apolisi. Pepala lija lidasainidwa ndithu, ndipo amene adasaina ndi a Zakeyu, ndidamva kwa kalaliki wa muofesimo patapita miyezi. Koma anthu adaona ine ndikulowa mu ofesi ya Mzungu Lolemba lija, ndipo adawerengetsa okha. Adati kundichotsa ntchito kudali kuphimba anthu m'maso. Adati ndidagulitsa aphunzitsi chifukwa chondichititsa manyazi pamsika. Ndikafika pachitsime amayi ankasiya kuyankhula. Mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira adatumiza mlongo wake kudzabweza mpango umene ndidamugulira. Pamaliro a msuweni wanga adandilanda khasu ku manda, akuti dzanja langa lisakhudze dothi la m'bale wawo. Kumapeto kwa chaka ndidachoka kupita ku esiteti ya fodya, kumene palibe ankandidziwa. Kumeneko ndidagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, poyamba wosankha fodya, kenako woyang'anira nyumba ya zida. Kalasi sindidalowemonso.

A Kamtedza atatuluka m'ndende, ufulu usanabwere, ndidakwera basi kupita ku Nathenje. Makina adali atagulitsa, ndipo pakhomo pawo padali anthu ambiri odikira kuwaona. Adandilandira bwino, adandipatsa mpando, adandifunsa za amayi. Adali ataonda, mano awiri akutsogolo palibe. Ndidawafunsa ngati akudziwa amene adasaina.

"Ndikudziwa. Adandiwerengera pepalalo, dzina lake lili pansi. Si iwe."

"Ndiye Loweruka mukaimirira pamsika, muwauze anthu. Mawu ochepa chabe, aphunzitsi. Laitoni sadandigulitse."

Adasisita bondo. Kenako adati a Zakeyu tsopano adagula khadi la chipani, ndipo akubweretsa alangizi anzawo ambiri, anthu amene dziko lidzawafuna likamadzilamulira. Adati kutchula ine ndiye kuti anthu afunsa kuti nanga ndani, ndipo ino si nthawi yogawanitsa anthu. "Pirira pang'ono, mphwanga. Zinthu zikakhazikika tidzakonza." Ndidawafunsa ngati ankadziwa kuti anthu aziona mphini zija. Adati, "Pankafunika chinthu choti anthu achigwire ndi maso. Sindinkaganiza kuti zifika apa." Ndidaimirira osatsanzika. Loweruka lake adayankhula maola awiri, ndipo ndidamva kuti anthu adalira. Adamwalira ali munthu wolemekezeka, asadanene mawu aja paliponse.

Ufulu udabwera, ndipo sindinena kuti ukadapanda kubwera. Zambiri zimene adanena pa ngolo paja zidali zoona, n'chifukwa chake zidagwira anthu. Koma inu mukamamva munthu woyankhula bwino akufunsa khamu mafunso, muziyang'ana chimene wanyamula m'manja, ndipo mudzifunse kuti n'cha yani. Tsiku limene adandichotsa ntchito, malipiro a Novembala adawagwira, akuti mpaka nkhani ya katundu wa boma amene ndidatulutsa popanda chilolezo itatha. Katunduyo ndi kamtengo kamene ndidadula ndekha kuthengo n'kusema ndi mpeni. Ndidalemba makalata atatu nthawi ya Azungu, ndi ena awiri boma litakhala lathu. Oyambawo sadayankhe. Achiwiriwo adati mafailo a nthawi imeneyo sakupezeka. Malipirowo ndi mapaundi awiri ndi masheleni asanu.